Zenera likhale ndi kachitseko kake

Achimwene, mwafunsa ngati mbalame zingalole kuikira mazira m'kabokosi kokhala ndi zenera loonera mkati. Zimalola, bola zeneralo lizikhala lotseka. Mbalame zoswera m'mphako, monga mpheta za pakhomo, zimafuna mdima. Kuwala kukachuluka zimathawa chisa, nthawi zina ndi mazira ali momwemo.

Dulani mbali imodzi ya bokosi muikepo pulasitiki yolimba yoonekera mkati, osati galasi chifukwa limasweka. Kunja kwake ikani kachitseko ka thabwa ka mahinjesi ndi kokolowekera. Muzitsegula mwa apo ndi apo, kwa kanthawi kochepa, mazira ataswa kale. Make akamafungatira musiyeni. Ana a pakhomo muwauziretu zimenezi, poti ndiwo amafuna kusuzumira ola lililonse.

Thabwa likhale lochindikala masentimita 2, losapaka mankhwala a chiswe. Khomo lolowera likhale mamilimita 32, ndipo musaikepo kamtengo koterapo, kamangothandiza amphaka ndi akhungubwe. Boolani timabowo pansi totulukira madzi ndi tina m'mwamba tolowera mpweya. Bokosilo likhomeni mamita 2 kapena 3 kuchokera pansi, pamthunzi ndithu, chifukwa dzuwa la mu Okutobala litha kupha tiana tonse mkatimo.