Achemwali, poloti ija musagulitse kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa namwino wina amene wakhala zaka 6 akusamalira makanda ku nesale pachipatala china cha boma. Ali ndi digiri yoyamba ya unamwino ndi uzamba. Akuti anaona pa Facebook yunivesite ina ya ku America ikuitanira anthu ku maphunziro a DNP a anamwino a makanda, ambiri mwa makalasi ake ochitikira pa intaneti. Funso lake ndi ili: "Ndili ndi kapoloti kumene ndimati ndidzamangepo. Kodi ndikagulitse kuti ndiyambe sukuluyi? Ndikamaliza ndidzakhala dokotala wa makanda kunoko?"

Achemwali, pepani ndayankhira pagulu, chifukwa si inu nokha amene mwandifunsa zimenezi. Dzina lanu ndabisa.

DNP ndi Doctor of Nursing Practice. Ndi digiri ya udokotala ndithu, koma mwini wake amakhalabe namwino, sasanduka dokotala wa mankhwala ngati uja wa MBBS. Ndi chinthu cha ku America, ndipo chinakula chifukwa cha mmene ntchito ya unamwino imayendera kumeneko. M'chaka cha 2004 bungwe la masukulu a unamwino la AACN linagwirizana kuti pofika 2015 anamwino onse apamwamba, aja amaloledwa kuyeza wodwala ndi kumulembera mankhwala, azikhala ndi DNP m'malo mwa masitazi. Chaka cha 2015 chinafika n'kudutsa, mfundoyo isanakwaniritsidwe, ndipo mpaka pano ambiri akugwira ntchitoyi ndi masitazi yokha.

Namwino wa makanda wa mtundu umenewu amatchedwa neonatal nurse practitioner. Ku NICU, nesale ya makanda odwala kwambiri, amachita zambiri zimene kwathu kuno timadikira dokotala kapena kiliniko ofesa: kulowetsa chubu chopumira pakhosi pa khanda, kuika kachubu m'mitsempha ya pamchombo, kusintha mlingo wa mankhwala. Kuti munthu afike pamenepo, masukulu ambiri amafuna kuti akhale atagwira ntchito pafupifupi zaka ziwiri mu NICU yapamwamba, ija amati Level III kapena IV. Wochokera pa digiri yoyamba amaphunzira zaka zitatu kapena zinayi, n'kukwanitsa maola osachepera 1,000 a ntchito yoyang'aniridwa, kenaka n'kulemba mayeso a bungwe la National Certification Corporation.

Apa ndiye pagona nkhani. Mawu akuti "pa intaneti" aja amanena za makalasi okha. Maola a pa wodi simungawachitire pa laputopu. Amafuna muwachitire m'chipatala chimene sukuluyo yavomereza, pansi pa mphunzitsi wovomerezeka, ndipo kuti mugwire khanda la ku America muyenera kukhala ndi laisensi ya unamwino ya kumeneko. Ndiye kuti mapepala anu awunikidwe kaye, mukhoze NCLEX, mayeso opezera laisensi ya unamwino kumeneko, mupeze viza. Fizi yake ndi madola masauzande makumi angapo. Muwerengere nokha m'makwacha, muone ngati kapoloti kaja kangafike ngakhale pakati. Ndipo chilolezo chimene mungapeze pamapeto chimagwira ntchito m'chigawo cha America chimene chakupatsani. Amene amanena zimene namwino angachite pa wodi kuno ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi, choncho musanalipire ngakhale 1 tambala kusukulu iliyonse yakunja, alembereni iwowo kalata muwafunse mmene adzalembere pepala limenelo.

Ngati mtima wanu uli wosamukira ku America, DNP ndi njira yabwino, ingoyambani ndi NCLEX. Ku Britain nako kuli anamwino a makanda apamwamba, amawatcha ANNP, koma kumeneko maphunziro ake ndi a masitazi. Izi ndangodutsamo chifukwa imelo yanu ikuti "kunoko".

Kunoko udokotala umene ndikuona kuti ungakupindulireni ndi PhD, digiri ya kafukufuku. Ya DNP imaphunzitsa munthu kugwiritsa ntchito zimene ena anapeza kale, pamene ya PhD imamutuma kukafufuza zimene palibe anaziyankha. Ndipo mafunso osayankhidwa m'manesale mwathu ndi osayamba. Lipoti la Born Too Soon la 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane, ana 18 pa 100 aliwonse. Kafukufuku wa DHS, wa zaumoyo m'dziko lonse la Malawi, wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti makanda 27 pa 1,000 aliwonse obadwa amoyo amamwalira asanathe mwezi, pamene dziko lonse lapansi linagwirizana zoti pofika 2030 chiwerengerochi chisapitirire 12.

Musaganize kuti kafukufuku wa kuno ndi wongoti tipezerepo pepala. Makina othandiza khanda kupuma a CPAP otchedwa Pumani, amene mwina muli nawo pa wodi yanu, anapangidwa ndi a Rice University mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Zotsatira zake zitatuluka mu 2014, Dr Kondwani Kawaza ndi anzawo anaonetsa kuti makanda 71 pa 100 oikidwa pa makinawo anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa amene anangopatsidwa okosijeni. Njira ya kangaru, yofungatira khanda pachifuwa khungu ndi khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, inafika ku Zomba Central mu 1999, koma kwa zaka zambiri tinkati khanda liyambe lakhazikika ndiye liikidwe pachifuwa. Kafukufuku amene anachitika ku Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti kuyamba kangaru nthawi yomweyo kumachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi pa ana olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8. Chaka chotsatira a WHO anasintha malangizo awo a dziko lonse. Amayi a ku Chatinkha, wodi ya amayi oyembekezera ndi makanda ya ku Queen Elizabeth, ndi zitenje zawo ali m'kati mwa kusinthako.

Chimene chimandiwawa n'chakuti manambala ambiri oterewa amatoledwa ndi manja a anamwino, koma funso limakhala la wina. Ndikukumbukira naiti ina ndili ndekha ndi makanda oposa 20, awiri akugawana bedi limodzi lofunditsa. Cha m'ma 2 koloko anabweretsa kamwana kochokera ku leba, kokulungidwa m'chitenje chonyowa chomwe kanabadwiramo. Nditakagwira phazi linali zii ngati mwala wa kudambo. Themometa inawerenga 34, pamene khanda limayenera kukhala pakati pa 36.5 ndi 37.5. Makina a CPAP analipo, ndinakaika, koma kamwana kozizira kamavutika kupuma ngakhale makinawo akhale abwino bwanji. Mtunda wochokera ku leba kufika ku nesale sunali wokwana ndi mphindi zisanu. Kanazizirira pati? Ndani anakapukuta, ndipo chipewa chinali kuti? Funso limeneli ndi la namwino, ndipo munthu angatengerepo PhD.

Njira yake ndi yotalikirapo koma ilipo. Yambani ndi masitazi ya unamwino wa ana kapena ya uzamba ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inayamba ntchito mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Ena amapita ku University of Cape Town, kumene aphunzitsa anamwino a ana ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. PhD imatenga zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo nthawi zambiri salipira m'thumba, amalowera m'mapulojekiti a kafukufuku amene ali ndi ndalama kale. Muzitchera khutu ku Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo ku Blantyre, ndi ku NEST360, mgwirizano wolimbana ndi imfa za makanda m'zipatala. Amene amasankha anthu kumeneko amakonda munthu wobwera ndi funso lake m'manja kuposa wongoti "ndikufuna kupitiriza sukulu".

Ndikuchenjezeni chimodzi. PhD idzakuchotsani pa bedi la khanda n'kukuikani m'kalasi, m'misonkhano ndi pa kompyuta. Anzanga ena anazilandira bwino, ena mpaka lero amasowa kulira kwa ku nesale. Ngati chimene mumakonda ndi kupeza mtsempha pa kadzanja kangati chala chanu chachikulu, masitazi ingakukwanireni, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Pakadali pano gulani kope la 96 peji. Gwirizanani ndi in-charge wanu kuti khanda lililonse lolowa mu nesale muzilemba kutentha kwa thupi lake, nthawi imene lafika, kumene lachokera, ndi chimene linafunda. Maina musalembe, ndipo mukadzafuna kufalitsa zimenezi mudzayambe mwapempha chilolezo ku COMREC, komiti yovomereza kafukufuku ya ku KUHeS, kapena ku komiti ya kafukufuku ya Unduna wa Zaumoyo. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, tidzaone limodzi kuti ambiri akuzizira pa shifiti iti.