Kodi Mikao Usui analidi mbusa wachikhristu?

Mayi wina wandilembera pa imelo kufunsa ngati kuli bwino kupitiriza kuuza ophunzira ake a Reiki kuti Mikao Usui, amene anayambitsa Reiki, anali mbusa, popeza nkhaniyi imakhazika pansi mitima ya anthu opemphera. Mayi, funso lanu landilasa mtima, chifukwa bodza limeneli inenso ndinalifalitsapo ndi pakamwa panga.

Ndinaphunzira Reiki, njira yosanjika manja pa munthu pofuna kuti apeze bwino, pamene ndinkagwira ntchito ku Johannesburg. Mphunzitsi wathu anatiuza kuti Usui anali mkulu wa Doshisha University ku Kyoto, ndipo ophunzira ake atamufunsa mmene Yesu ankachiritsira odwala, anatula udindo napita kukafufuza ku University of Chicago. Nditabwerera kumudzi, amayi anga, omwe ndi a Mvano, anakana kwamtuwagalu kuti ndiwasanjike manja pa bondo lawo lotupa, mpaka ndinawanyengerera ndi nkhani imeneyi. Atamva dzina la Yesu anavomera, natambasula mwendo pamphasa.

Patapita zaka ndinadziwa kuti anthu amene anafunsa ku masukulu awiriwo sanapeze dzina la Usui m'mabuku ake. Usui anabadwa mu 1865, anasala kudya masiku 21 pa phiri la Kurama pafupi ndi Kyoto, anayamba kuphunzitsa ku Tokyo mu 1922, ndipo anamwalira mu 1926. Manda ake ali pa kachisi wa Chibuda wa Saihoji ku Tokyo, pomwe ophunzira ake anaimika mwala wachikumbutso mu 1927, ndipo mwalawo sutchula za ubusa.

Nkhani ya ubusayi inafala kudzera mwa Hawayo Takata, mayi wobadwira ku Hawaii mu 1900, amene anaphunzira kwa Chujiro Hayashi, wophunzira wa Usui. Ambiri amamuikira kumbuyo Takata ponena kuti Japan ataphulitsa Pearl Harbor, doko la asilikali a America ku Hawaii, mu 1941, chilichonse cha Chijapani chinkadedwa ku America, choncho anaiveka Reiki malaya a Chikhristu kuti ipulumuke. Kale ndinkavomereza zimenezi, koma lero sindikhutira nazo. Takata anamwalira mu 1980, nkhondo itatha kalekale, ataphunzitsa aphunzitsi 22 (mtengo umene ankatchula pa maphunzirowa unali madola 10,000), ndipo nthawi yokonza nkhaniyo anali nayo yokwanira. Ngakhale iye tingamumvetse, ife amene tili ndi mbiri yeniyeni m'manja tilibe podzikanira. Wophunzira akamadzichepetsa pamaso pa mphunzitsi wa zauzimu, amapereka chikumbumtima chake, ndipo kumunamiza kuti avomere ndi kumulanda ufulu wosankha. Amayi anga ndinawalanda ufulu umenewu. Nditawaululira anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anangofunsa kuti, "Nanga unandinamiziranji, mwanawe?"

Zoti muwauze

Auzeni ophunzira anu kuti Reiki inachokera ku Japan, kuti mizu yake ili m'miyambo ya Chibuda ndi Chishinto, kuti sayansi sinatsimikize mphamvu yochiritsa imene timaitchula mu Reiki, ndiponso kuti wodwala asasiye mankhwala a kuchipatala. Amene munawauza kale za ubusa muwaitane mukonze mawu anu, ndipo wina akasankha kuchoka chifukwa cha chikhulupiriro chake, mumubwezere ndalama za maphunziro otsalawo.