Iwe msuweni, sitima ija kwerani basi

Eee, moni nonse m'gulu muno. Ndikuyankha iwe msuweni, paja wafunsa kuti sitima yochoka ku Exeter kukafika ku Paignton, ku England, imayenda nthawi yaitali bwanji. Ndi ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Koma iwe... mmm, ndimakudziwa. Limeneli foni yako ikanakuyankha. Waona kuti holide yonseyi akuti kugwa mvula, ndiye ukusaka munthu woti anene kuti musapite, ukawauze alamu kuti ndaletsa ndine. Ngati za galimoto ya ku ukwati zija. Ayi, ndisayambe zimenezo, amayi ali m'gulu momuno.

Dikira kaye ndikuuze za amalume. Tinapita nawo chaka chatha... ayi, chinzake chija, chimene achemwali anali ndi pulasitala kumwendo. Amalume anatulukira atavala jekete lawo lija, lomwelija, ambulera m'manja, ndi kakope kamene analembamo mbiri yonse ya njanjiyo. Tikukwera pa siteshoni ya Exeter St Davids ine ndikuti amalume, nyanja ikhala kumanzere. Iwo akuti, "Mwanawe, ine ndinayamba kukwera sitima iwe usanabadwe." Anakakhala kumanja. Okhaokha, ndi kakope kawo.

Ndiye sitima ikutsata mtsinje wa Exe, mvula ili waa pagalasi, amalume ayamba kalasi mofuula kuti timve tonse tsidya lino. Njanji iyi anaimanga injiniya wina dzina lake Brunel, inatsegulidwa mu 1846. Tikufika pa Starcross mwayi unawagwera, chifukwa chinyumba chofiira cha mapampu akale chija chili mbali yawo. Eee, kunyada kwake! Akuti mwaona, ndani wakhala malo abwino? Kenako akufotokoza kuti nthawi ina sitima za panjanji imeneyi zinkayenda popanda injini kutsogolo. Pakati pa njanji pankadutsa chipaipi, mapampu n'kumayamwa mpweya m'menemo, sitima n'kumakokedwa. Koma chikopa chotseka pamwamba pa paipiyo chinkauma n'kumang'ambika, mpweya n'kumalowa, moti mu 1848 anangozisiya. Kamwana kanga kakang'ono kanafunsa kuti agogo, ndiye ngati kumwa juwisi ndi kapaipi? Amalume anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga bolopeni n'kulemba zimenezo m'kakope. Ndithu analemba.

Titangodutsa Dawlish Warren... apa mvetsera iwe. Njanji imayenda pamwamba pa khoma, nyanja ili pompo, m'munsi mwa windo. Funde linabwera, lotuwa, lalitali, n'kumenya galasi kuti pha! Thovu likutsetsereka, ana akukuwa, ena akuseka, mayi wina wachikulire kumbuyo kwathu akuwomba m'manja. Amalume mbali yawo akuona thanthwe lofiira lonyowa basi. Ndinangoona munthu wanyamuka mwakachetechete, akuti abwereke bolopeni, bolopeni yawo ili kukhutu. Anamufinya mwana pampando, mphuno pagalasi, osachokanso. Kuchoka pa Dawlish kukafika pa Teignmouth sitima imalowa pansi pa phiri kasanu, mdima, nyanja, mdima, nyanja, ndipo amene amawerenga mokweza kuposa ana anali iwowo.

Pobwerera tsopano. Anathamangira kukwera oyamba, akuti ndaphunzira, anakagwira mpando wa kumanzere. Iwe, sitima yatembenuka, nyanja ili kumanja! Palibe anawauza. Tinawasiya mpaka pa Starcross, anaonanso chinyumba chawo chija.

Kodi ndimati chiyani... eya, za iwe. Ndikudziwa umakumbukira zithunzi za mu February 2014, namondwe atagumula khoma pa Dawlish, njanji zili lende m'malere. Zinachitikadi, panatsekedwa miyezi iwiri. Koma anamanganso khoma lina lalitali, ndipo nyanja ikalusa kwambiri amaimitsa okha sitima, umaona pafoni m'mawa usananyamuke. Mvula wamba si namondwe. Tsiku la dzuwa nyanja imeneyi imangogona, ana akayang'ana pang'ono amabwerera pamafoni. Mvula ndi imene imakometsa ulendowu, ndipo inu mukhala mkati, owuma.

Mukafuna tsikani pa Dawlish ana akaone timbalame takuda tija... ayi si timbalame, ndi zimbalame, zonga atsekwe, za milomo yofiira, zimasambira m'kamtsinje ka pakati pa tauni. Munyowa pang'ono, sindinu mchere.

Choncho usadikire kuti kuyere, pitani kukugwa mvula komweko. Popita kumanzere, pobwera kumanja, usatengere amalume ako. Alamu, ngati mukumva, ine sindinaletse ulendo, ndanena kuti mvula isamuopse, akwere. Ndipo amalume, ambulera ija munaiwala musitima ndinatola ndine, ili kuseri kwa chitseko kwathu kuno.