Utsi wa pasukulu yanu uli ku jenereta ndi kukhitchini

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira pa yunivesite ina muno mu Lilongwe. Ali m'kalabu ya zachilengedwe, ndipo akuluakulu a sukulu awauza kuti abweretse maganizo a momwe angachepetsere magetsi amene sukulu imagwiritsa ntchito komanso mpweya woipa wa kaboni. Funso lake ndi loti ayambire pati. Akuti anzake akufuna kumata mapepala okumbutsa anthu kuzimitsa magetsi, ndiponso kuletsa mahotipuleti kumahostelo.

Chemwali, mapepalawo matani, palibe cholakwika. Koma za hotipuleti dikirani kaye.

Malangizo ambiri amene mukuwapeza pa intaneti analembedwa m'maiko amene magetsi awo amachokera ku malasha, monga South Africa. Kuno si choncho. Magetsi ambiri amene ESCOM imatigulitsa amapangidwa ndi EGENCO pogwiritsa ntchito madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Powonjezera apo pali magetsi a dzuwa a ku Salima, mamegawati 60, amene anayamba mu 2021, ndi a ku Golomoti, mamegawati 20, amene anabwera mu 2022. Choncho babu loyaka usiku wonse m'kalasi mopanda munthu limadya ndalama za sukulu, koma kaboni wake ndi wochepa.

Wochuluka ali kuseri kwa maofesi, pamene pamakhala jenereta. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni. Tonse tikukumbukira mmene majenereta ankalirira mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130. Pitani kwa bambo amene amasamalira jenereta, muwapemphe mwaulemu buku limene amalembamo dizilo. Kenako muwafunse kuti magetsi akathima, jeneretayo imayatsa chiyani. Kawirikawiri imanyamula zonse: labu, laibulale, komanso magiza otenthetsera madzi ndi makalasi okhoma. Ngati ndi choncho, dizilo akutenthetsa madzi osamba amene palibe akuwafuna masana. Amisiri a zamagetsi angathe kupatula nthambo kuti jenereta izidyetsa zofunika zokha, monga mafuliji a mu labu, makompyuta a sukulu ndi mapampu a madzi. Zomwezi ndi zimene muyenera kuyamba kuziikira sola ndi mabatire ndalama zikapezeka, popeza sukulu imagwira ntchito yambiri dzuwa lili pamutu.

Tibwerere ku hotipuleti. Wophunzira mukamulanda hotipuleti sasiya kudya nsima. Amagula kambaula ndi jumbo ya makala n'kukaphikira kuseri kwa hostelo, kapena amakadya kumalo ophikira nkhuni kunja kwa geti. Aliyense amene anadutsapo msewu wa ku Likuni m'mamawa anaziona njinga zija, matumba a makala atasanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake, iye akukankha thukuta lili kamukamu. Ambiri mwa makala amenewo ndi mitengo ya ku Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza Kamuzu Dam, madzi omwe timamwa mumzinda muno. Ndiye lamulo lanu lingatsitse bilu ya magetsi koma n'kuchulukitsa utsi ndi kudula mitengo. Ine sindingalivomereze.

Ndikudziwa kuti akuluakulu amaopa moto, ndipo akunena zoona, chifukwa nthambo za m'zipinda zogona sizinapangidwire kuphikira. Pemphani khitchini imodzi pa hostelo iliyonse, yokhala ndi nthambo zoyenera ndi mapoto a magetsi a pulesha. Nyemba zimene zimatha maola pa hotipuleti zimapsa mwachangu mmenemo, makamaka mukaziviika usiku. Kukhitchini yaikulu ya sukulu, ngati akuphikabe pa mafuwa, mbaula zomanga zosunga moto zimachepetsa nkhuni kwambiri. Ndipo sukulu yokhala ndi khola la ng'ombe kapena nkhumba ili kale ndi ndowe zopangira gasi wophikira.

Pa bilu ya magetsi, yang'anani giza musanayang'ane babu. Giza ya mawati 3,000 ikamayaka imakoka mofanana ndi mababu a LED a mawati 9 oposa 300. Kachipangizo koiyatsa ndi kuizimitsa pa nthawi yake sikadula, ndipo magiza a sola amathetseratu nkhaniyi.

Mwina wina m'kalabumo anena zodzala mitengo. Dzalani, koma mugwirizane kuti adzathirire ndani mu Okutobala, poti ambirife timathera pojambulitsa zithunzi tsiku lodzalalo.

Tsiku lokumana ndi akuluakulu, musapite ndi mapepala omata okha. Tengani mabilu a ESCOM a miyezi 12, malita a dizilo wa jenereta ndi wa mabasi a sukulu, komanso kuchuluka kwa nkhuni zimene khitchini inagula. Akauntanti ali nazo zonsezi. Ngati sukulu yonse ili pa mita imodzi, pempho lanu loyamba likhale loti hostelo iliyonse ikhale ndi mita yakeyake, manambala ake azikhomedwa pakhomo mwezi ndi mwezi.