Akakuwirani pa 20 mita, cholakwa si chanu

Achimwene, zimene mwadandaula zoti anthu akukuwirani pa 20 mita (bandi ya 14 MHz ya wailesi zocheza za amateur radio) musanamalize n'komwe kutchula call sign yanu (zilembo ndi manambala zokuzindikiritsani pa wailesi) sizikuchitika chifukwa choti ndinu watsopano, ndipo wina asakunamizeni kuti mwalakwitsa kanthu. Aliyense wa 7Q, chiyambi cha ma call sign a ku Malawi, amadutsa momwemo, chifukwa a ku Malawi tilipo ochepa kwambiri pa wailesizi, ndipo anthu a ku Ulaya, ku Japan ndi ku America amene akufuna kuyankhulana ndi maiko 100 kuti alandire satifiketi ya DXCC amatilimbirana koopsa.

Ine zinandigwera madzulo ena magetsi atazima, wailesi ndikuyendetsera batire ya galimoto, mphamvu nditatsitsa kufika pa ma watt 50, mlongoti wake uli waya wamba womangirira ku mtengo wa mango. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anali pambali panga, chifukwa ndinkafuna kuti aone kukoma kwa ntchitoyi. Ndinayamba ndafunsa ngati pamalopo pali munthu, monga tinaphunzitsidwira, ndipo nditangoitana CQ, kutanthauza kuitana aliyense wondimva, wina anandilemba pa DX cluster, tsamba la pa intaneti lolengezerapo masiteshoni amene akumveka. Posakhalitsa pa wailesi panali ngati pa depoti ya minibasi nthawi yoweruka. Ndinalengeza momveka bwino kuti ndikumvetsera ma kHz 5 m'mwamba mwa pamene ndikuyankhulira, njira imene timaitcha split, ndipo pakati pa phokosolo ndinamva mawu otsika kwambiri a munthu wa ku Japan, amene ndinangogwira zilembo zake ziwiri zomaliza. Ndinapempha kuti mwini zilembozo yekha ndiye ayankhe. Mkulu wina wa ku Ulaya, amene amplifier yake inkagwedeza sipika yanga, anapitiriza kubwereza call sign yake osapuma, ndipo ankachitira zimenezi pamalo penipeni pamene ine ndinkayankhulira. Kenaka anatulukira aja amadzipatsa okha upolisi, wina akukuwa kuti "up, up", wina akutukwana mnzake, wina akuimba mluzu mu maikolofoni, mpaka mawu anga anamira. Chimene chinandibaya mtima ndi chakuti munthu wina analemba pa cluster kuti ndine wakuba call sign, pamene laisensi yanga ya MACRA inali pakhoma kutsogolo kwanga. Batire inafooka wa ku Japan uja ndisanamulembe, ndipo mphwanga anandifunsa kuti, "Amalume, kodi mwawalakwira chiyani anthuwa?" Sanadzapemphenso kukhala nane pa wailesi.

Mkulu uja sindinamukhululukire mpaka lero. Ankandimva bwinobwino, ankadziwa kuti si iye amene ndaitana, koma anaona kuti ndalama zimene anagulira zida zake zikumupatsa ufulu wopondereza munthu wa waya wa mu mtengo.

Ambiri m'gulu muno amaloza chala pa kuchotsedwa kwa mayeso a Morse (kutumiza uthenga ndi timaphokoso tatifupi ndi tatitali) kwa ofuna laisensi, pamene msonkhano wa ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, ku Geneva mu 2003 unasiyira dziko lililonse kusankha lokha, America n'kutsatira mu 2007. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni, chifukwa ambiri mwa osokonezawa ndi akuluakulu a imvi amene Morse amaidziwa bwino. Chimene chinasintha ndi kumvetsera. Kale munthu ankazunguliza yekha kufunafuna siteshoni, ankadikira mpaka amve call sign ndi makutu ake, ndipo pofika nthawi yoitana anali atadziwa kale mmene mnzakeyo akuyendetsera zinthu. Lero amangodina pa kompyuta, wailesi n'kulumphira pomwepo, iye n'kuyamba kukuwa asanamve ngakhale liwu limodzi. Malamulo a khalidwe la pa wailesi amene Paul Segal analemba mu 1928 amayamba ndi kuganizira anzako, koma taonani zimene anthu anachitira gulu la anzathu a wailesi la 3Y0J litafika pa chilumba chakutali cha Bouvet mu February 2023, pamene ena ankasokoneza dala anthu amene anaika moyo wawo pachiswe pa chisanu. FT8, njira yolumikizirana pa wailesi kudzera pa kompyuta imene Joe Taylor ndi Steve Franke anatulutsa mu 2017, yawonjezera vutoli, pakuti makompyuta amapatsana malipoti mosinthana masekondi 15 aliwonse, popanda moni kapena kufunsana dzina, ndipo munthu wokulira pamenepo sadziwa kuti mbali inayo kuli munthu mnzake wamoyo.

Tsono inu gwiritsanibe ntchito split nthawi zonse anthu akachuluka, tchulani call sign yanu pafupipafupi, ndipo mukagwira zilembo za munthu mmodzi musamusiye mpaka mutamaliza naye, chifukwa mukangogonjera wokuwa kamodzi onse aphunzira kuti kukuwa kumapindula. Musayankhe apolisi aja, ngakhale akutukwaneni. Komabe wina akakakamira mpaka kutsekereza onse, mupatseni 59 yake (lipoti loti akumveka bwino) msanga achoke, kuti ofooka apeze mpata. Tsiku limene mtima wanu watopa, pitani pa 14.074 MHz mukachite FT8, kumene ma watt ochepa amafika kutali ndipo palibe amene angakukuwireni m'khutu. Ngati muli ndi mwana amene mukufuna kumuonetsa wailesi, yambani naye pa 40 mita m'mawa, pocheza ndi anzathu a 9J (Zambia), Z2 (Zimbabwe) ndi ZS (South Africa), amene ambiri mwa iwo amapatsabe moni.