Kapisozi wa khofi ndi mawu ena a m'khitchini za ku Joni

Makalata amene ndalandira mwezi uno ambiri akununkhira khofi. Sizodabwitsa. Abale athu ochuluka kuno ku Joni amagwira ntchito m'makhitchini a eni ake, ndipo amakumana ndi ziwiya zimene ku mudzi sitinaziphunzire mayina. Ndasankhapo anayi.

Loyamba lachokera kwa mayi wina wokhala ku Cosmo City. Akuti: "Aphunzitsi, kunyumba kumene ndimagwira ntchito ku Sandton kuli makina a Nespresso. Umaponyamo kanthu kakang'ono kotsekedwa, n'kudina batani, khofi n'kutuluka wokwana kapu imodzi. Ndinkafuna kuwafotokozera amayi anga ku Ntcheu pafoni koma ndinasowa dzina la kanthuko. Mwana wanga akuti ndi khoko, poti m'Chingerezi amakatchula ngati khoko la nyemba. Ndimumvere?"

Mayi, mwana wanuyo Chingerezi akuchidziwa, koma musamumvere. M'Chichewa khoko ndi chimene chimatsala tikachotsa chofunika. Makoko a nyemba, makoko a mtedza, makoko a nthochi, zonsezi n'zopita kudzala kapena kukhola la mbuzi. Mukawauza amayi anu kuti abwana amamwa khofi wa m'makoko, awamvera chisoni, mwinanso akutumizirani masamba a Chombe kuti mukawapatseko.

Mawu oyenera tili nawo kale, ndipo tinawatenga ku chipatala: kapisozi. Aliyense amene anamwapo mankhwala aja a ufa wotsekeredwa m'kachikopa kofiira ndi kachikasu amva msanga kuti mukunena kanthu kotseka kokhala ndi ufa m'kati, koyezedwa kale, kogwira ntchito kamodzi basi. N'chimodzimodzi ndi kanthu kanuko. Ndi kachikho ka aluminiyamu kokhala ndi ufa wa khofi magalamu 5 kapena 6, komatidwa kuti mpweya usalowe. Makina amakaboola, n'kukankhiramo madzi otentha mwamphamvu, madziwo n'kutuluka atasanduka khofi. Luso limeneli analiyamba ndi injiniya wa ku Switzerland, Eric Favre, ndipo kampani ya Nestlé inayamba kugulitsa makinawa mu 1986. Eni akewo amati ndi kapisozi ndithu, choncho sitikuwanamizira.

Koma chenjerani ndi ka- wa kumayambiriroyo. Si ka- wochepetsa uja wa kamwana ndi kambale. Ndi mbali ya mawuwo, monga alili mu kapu, kalata ndi kabati. Tikachulukitsa timati makapu, makalata, makabati, ndiye kunonso ndi makapisozi. Ndinamvapo mnyamata wina m'basi ya ku Randburg akunena kuti "tipisozi tatha". Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma ndinaona kuti khutu lake linagwira ntchito bwino lomwe, linangolakwitsa khomo. Nenani kuti kapisozi mmodzi, makapisozi khumi, kapisozi uyu watha ntchito. Mukafuna kuchepetsa muwonjezere ka- wina: kakapisozi.

Amayi anu akafunsa kuti nanga anthu amavutikiranji ndi zimenezi, auzeni kuti ndi walkman wa anthu olemera. Ku Ndirande kapena ku Mchesi munthu amene alibe ndalama ya thumba la ufa amagula ka ufa ka m'pepala kokwana mphika umodzi, ndipo aliyense amadziwa kuti kugula motero kumadula kuposa kugula thumba. Makapisozi nawo ali choncho, kungoti owagula akufuna changu, osati kuti ndalama yawachepera. Paketi ya ufa wa khofi ya magalamu 250 ili ndi khofi wofanana ndi makapisozi pafupifupi 50. Makapisozi a Nespresso amabwera khumi m'kabokosi. Tsiku lina muli m'sitolo muwonkhetse mtengo wa timabokosi tisanu, muyerekeze ndi wa paketi imodzi ija. Mudzandiuza.

Funso lachiwiri ndi lalifupi, la wophunzira wina wa ku Mayfair: "Timalemba kofi kapena khofi? Ndipo ndi khofi wanga, yanga kapena langa? Kuno ndimamva zonse."

Lembani khofi. Ikani dzanja pafupi ndi pakamwa potchula, mumva kampweya kakutuluka pambuyo pa k. Kampweya kameneko m'Chichewa kamasintha tanthauzo: kola si khola, pala si phala, kula si khula. Kofi wopanda h ndi dzina la munthu ku Ghana, monga malemu Kofi Annan.

Pa mgwirizano, khofi amayenda ndi tiyi, shuga ndi fodya. Timati tiyi wanga wazizira, shuga watha, fodya uyu ndi wa chaka chatha. Ndiye khofi wanga, khofi wa ku Mzuzu, khofi wotentha. "Langa" uja ndikumukayikira kuti wachokera kwa anzathu olankhula Chizulu, amene amati ikhofi lami. Munthu akakhala zaka zisanu akumva zimenezi kuntchito ndi m'takisi, lilime limatsatira lokha. Si mlandu, koma mukalemba, bwererani kwa wanga. Ndipotu khofi si mlendo woti tizimusowera mtundu. Mbande zake zinafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja m'dziko lathu, tiyi ndi fodya zisanamulande malo. Mpaka lero akulimidwa ku Misuku, ku Thyolo ndi madera ena.

Lachitatu ndi limene landisangalatsa kwambiri. Alemba ndi bambo amene amaphika panyumba ina yogona alendo ku Melville: "Pakhitchini pathu pali njira zinayi. Pali makina a makapisozi, pali ka poto ka Chitaliyana kokhazika pamoto, pali pulanja, palinso makina osefera ndi pepala. Mnzanga wa ku Mangochi amati zonsezi ndi kupanga khofi. Ine ndimati kuphika. Wina anati kufulula. Wolondola ndani?"

Bambo, nonse atatu mwagwira nyama imodzi, koma wina mwendo, wina mchira. Tiyambe ndi wa mchira. Kufulula n'kwa mowa ndi thobwa. Kumafuna chimera, kuphika, kudikira masiku kuti zisase. Amene anakuuzani kufulula khofi anangotembenuza mawu a Chingerezi amene amagwira konsekonse, ku mowa ndi ku khofi komwe. Ife sitinaphatikize ziwirizi. Mukauza alendo a ku Malawi kuti mwawafululira khofi, ayamba kuyang'ana chipanda.

Kupanga ndi mneni amene wadya anzake ambiri masiku ano. Kupanga nsima, kupanga ukwati, kupanga ngozi, kupanga foni. Sindimuletsa, chifukwa aliyense amamva, koma ndi ngati chitenje chimodzi chofunda, choberekera mwana, chopukutiranso mbale. Chimagwira ntchito, koma sichiuza munthu chilichonse.

Kuphika n'kolondola pamene pali mphika ndi moto. Tiyi wa kwathu timaphikadi: timatereka madzi, akawira timathira masamba, nthawi zina mkaka ndi shuga momwemo, ndiye timati tiyi wapsa. Khofi wa Maburu uja amati moerkoffie ndi wophika mwa njira yomweyi, ufa wa khofi umawira m'ketulo pamoto. Ka poto kanu ka Chitaliyana nakonso n'kophikira. Anakatulukira ndi Alfonso Bialetti mu 1933, ndipo kali ndi zipinda ziwiri: madzi amakhala pansi, ufa pakati, ndipo nthunzi ikachuluka imakankha madzi kukwera kudutsa mu ufa mpaka m'chipinda chapamwamba. Mawu athu a pamoto onse amakwana pamenepa. Mumakatereka, khofi amapsa, mumakaphula. Mukachedwa kuphula kakayamba kulira kuti fwoo, khofi amapserera, ndipo kupserera ndi kupsa mukudziwa nokha kuti si pachibale. M'chaka cha 2023, magetsi akuzima maola ambiri tsiku lililonse, ka poto kameneka pa chitofu cha gasi ndi kamene kanasunga ulemu wa makhitchini ambiri, makina a makapisozi atangokhala duu pa shelefu.

Pulanja sitiphikira. Mumathira ufa ndi madzi otentha m'galasi lake, n'kusiya mphindi zinayi, kenako n'kukanikiza sefa pansi. Kumeneko ndi kuviika, monga timaviikira mphale. Makina a pepala aja ndi osefera, ndipo mwatchula bwino kale. Madzi amadontha pang'onopang'ono kudutsa mu ufa ndi pepala, njira imene mayi wina wa ku Dresden, Melitta Bentz, anayamba mu 1908 atatopa ndi nsenga za m'kapu. Agogo anga akanaona kudontha kumeneko akanati mukutcheza, poti ndi mmene kachasu amatsikira m'botolo, koma mawu amenewo tiwasiyire eni ake.

Nanga makina a makapisozi? Apa ndiye kuphika kumakanika. Palibe chotereka, palibe chovundula, palibe choyezera, palibe nthawi yoti n'kunena kuti wapsa kapena sanapse. Zonse zinachitikira ku fakitale: kukazinga, kupera, kuyeza. Inu mwatsala ndi chala chimodzi. Ndamva atsikana ena ogwira ntchito m'nyumba akunena kuti "ndikawatchere khofi abwana", ndipo mawuwa andikomera. Timatchera msampha, timatchera wailesi, timatchera alamu: umaika chinthu m'malo mwake, chokha n'kuchita ntchito. Sindinganene kuti akhazikika, koma ngati mawu ena adzapambane pamenepa, ndikanakonda akhale amenewa.

Mukafuna mneni mmodzi wokwana njira zonse zinayi, tengani kukonza. Ndakukonzerani khofi. Ndi aulemu, ndipo sanama pa njira iliyonse.

Poti mwatchula ziwiya, ndionjezepo za kalembedwe ka mayina ake. Timati makina okonzera khofi, poto wophikira, pepala losefera. Onani kuti kuphika kwapereka -ira koma kukonza ndi kusefa kwapereka -era. Lamulo lake ndi la malembo a liwu amene ali mu tsinde: akakhala e kapena o, timatsatira ndi -era, akakhala a, i kapena u, ndi -ira. Nchifukwa chake chigayo ndi chogayira koma mphero ndi yoperera. Ndipo makina, mawu amene tinabwereka ku Chipwitikizi pamodzi ndi nsapato ndi kapitawo, alibe umodzi wake wapadera. Ngakhale akhale amodzi timati makina awa, makina amodzi. Palibe "kina".

Lomaliza ndi la achimwene ena a ku Diepsloot, oyendetsa galimoto usiku: "Ndikafuna khofi woti andichotse tulo ndimati wamphamvu. Akazi anga akuti chimenecho ndi Chingerezi chovala Chichewa, ndizinena wowawa. Tiweruzeni."

Achimwene, mlandu uwu ndiugamula mokomera onse, koma alamu anga apambana pang'ono. Wamphamvu si wolakwika ngati mukunena zimene khofiyo amachita m'thupi. Timanena kale mankhwala amphamvu. Koma ngati mukunena za pa lilime, Chichewa chili ndi mawu akeake, ndipo ndi olemera kuposa amene mwabwerekawo. Khofi wochuluka ufa, wakuda bii, ndi wokolera, monga mchere umakolera m'ndiwo. Wochepa ufa ndi wamadzimadzi. Amene wakhalitsa m'paketi yotsegula mpaka fungo kuthawa ndi wosukuluka, ndipo apa ndi pamene kapisozi amapambana paketi, poti chomata chija chimasunga fungo miyezi yambiri.

Wowawa ndi wowawasa musawasokoneze, ngakhale akusiyana ndi zilembo ziwiri zokha. Kuwawa ndi kwa kwinini, kuwawasa ndi kwa bwemba ndi malambe. Khofi amatha kuchita zonse ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Ufa ukakhala wosalala kwambiri kapena ukakhalitsa m'madzi otentha, khofi amawawa. Ukakhala wamiseremisere, kapena madzi akapanda kutentha mokwanira, amawawasa. Kuno ku Joni tili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo madzi amawira asanafike madigiri 100, pafupifupi pa 94. Malangizo aja olembedwa pa mapaketi ena, oti madzi akawira muyambe mwawasiya azizireko, analembera anthu a m'mphepete mwa nyanja monga ku Durban. Inu thirani pompo akangowira.

Komanso kuwawa si umboni woti tulo tithawa. Ricoffy amene ambiri timamwa m'nyumba zathu ndi wosakaniza ndi chikori, muzu wokazinga umene umadetsa ndi kuwawitsa chakumwacho koma ulibe kafeini, chinthu cha mu khofi chimene chimathawitsa tulo. Ndiye mutha kumwa kapu yowawa kwambiri n'kuyamba kusinza musanafike ku Midrand. Kapisozi wamng'ono amatulutsa khofi wochepa, mamililita 40 okha, wokolera zedi, koma kapu yaikulu ya khofi wosefa nthawi zambiri imakhala ndi kafeini wochuluka kuposa kameneko, chifukwa ufa wolowamo ndi wambiri.

Zotsalira pansi pa kapu, zimene alamu angakufunseni dzina lake potsuka, ndi nsenga. Masese ndi a mowa.