Kachomera ka maluwa achikasu: tikatchule bwanji?

Mphunzitsi wina wa ku Kasungu walemba kuti: "Pa tsala la kuseri kwa sukulu yathu pamamera kachomera ka maluwa achikasu onga a nandolo. Makoko ake ndi otupa, akauma amachita phokoso ukawagwedeza. Ana akuti ndi nyemba zam'tchire. Ndilembe choncho? Nanga ndinganene kuti ndi chomera chapachaka?"

Aphunzitsi, malinga ndi mmene mwafotokozeramo, chomeracho ndi cha mtundu umene asayansi amautcha Crotalaria, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chisekese. Anawo sanaphonye kwenikweni, pakuti chili m'gulu la nyemba pamodzi ndi nandolo, khobwe ndi nzama. Koma polemba, "nyemba zam'tchire" zingasokeretse, chifukwa Mchewa akamva nyemba amaganiza za ndiwo. Lembani kuti "chomera cham'tchire cha m'gulu la nyemba".

Ena akuuzani kuti ndi zumba. Apa samalani kwambiri. Zumba ndi dzina la ndiwo zamasamba zimene amayi amathyola, ndipo ndi Crotalaria ndithu, koma mitundu ya Crotalaria ndi yambiri, ina ili ndi poizoni wowononga chiwindi cha ziweto ngakhale cha munthu. Dzina limeneli likaperekedwa kwa chomera cholakwika, chomeracho chikathera mumphika. Zulani chimodzi chathunthu, cha masamba, maluwa ndi makoko omwe, mukawaonetse agogo a m'mudzimo. Dzina limene akupatseni mulilembe pamodzi ndi dera, poti maina a zomera amasiyana pakati pa Kasungu, Dedza ndi Mulanje. Zimandiwawa kuona mwana akudziwa duwa la m'buku koma la kuseri kwa kalasi yake ayi.

"Chapachaka" ayi. Timati msonkhano wapachaka, kutanthauza wochitika kamodzi chaka chilichonse. Chimene inu mukufuna kunena n'chakuti chomerachi chimamera mvula ikagwa, n'kuchita maluwa, n'kubereka, n'kuuma chilimwe chomwecho, n'kusiya njere zokha m'nthaka. Nenani choncho, kapena mwachidule, "chomera chokhala nyengo imodzi".

Pokonza ntchito za ana, yang'aniraninso agwirizanitsi. Ndi duwa lachikasu, maluwa achikasu. Khoko louma, makoko ouma. Maina a zomera za m'gulu la nyemba lomweli satenga mgwirizanitsi mmodzi: nandolo wakhwima, nzama zakhwima, chitedze chakhwima.